Maola Otchipa a Masana

Galimoto yamagetsi ndinaigula ine, osati bambo a kunyumba. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu ambiri ku tchalitchi kwathu ankaganiza kuti ndi nzeru za amuna anga, chonsecho iwo ndi amene ankakana kwambiri. Yathu yakale ya dizilo inali itatopa. Inkafuka utsi ngati mbaula ya makala onyowa, ndipo m'katikati mwa tauni sinkaloledwanso kulowa chifukwa cha malamulo a utsi. Tsiku limene makaniko anandiuza kuti kuikonzanso n'kutaya ndalama, ndinakwera basi kupita kogulitsa magalimoto akale, n'kukaloza kagalimoto koyera kokhala ndi polowetsera chaja kutsogolo.

Tikanakhala kuti tidakali ku Govanhill, dera lina la mzinda uno wa kutsidya kwa nyanja, sindikanayerekeza n'komwe. Kumeneko tinkakhala pansanjika yachitatu, galimoto n'kumagona mumsewu, pena kutali ndi khomo lathu. Waya ukanachokera kuti? Koma tinali titasamukira ku Easterhouse, m'nyumba yokhala ndi kabwalo kake kutsogolo, kokwana galimoto imodzi ndi mabini a zinyalala. Munthu anabwera kudzakhoma chaja pakhoma pafupi ndi chitseko, ine n'kuima pamvula kumuonerera mpaka anamaliza.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba panyumba ina kummwera kwa mzinda, kupitirira Shawlands. Ndimalowa 8 koloko madzulo n'kuweruka 8 koloko m'mawa, masiku anayi otsatizana, kenako ndimapuma atatu. Amuna anga amayendetsa basi. Amadzuka kusanache, ndipo ikamakwana 2 koloko masana amakhala atafika pakhomo. Mwezi woyamba ndinkangofika m'mawa, kulumikiza chaja, n'kukagona. Za mtengo sindinkaziganizira. Kwathu ku Zomba tinkagula mayunitsi, mtengo wake umodzimodzi kaya ndi m'mawa kaya ndi usiku, ndipo nkhawa yathu inali yoti magetsiwo ayaka kapena sayaka, basi.

Bilu itafika, amuna anga sanalankhule zambiri. Anangondipatsira foni yawo ndikumwa tiyi.

"Taonani galimoto yanu ija, yosamwa mafuta ija," anatero.

Ndinayang'ana, ndipo tiyi uja sindinamumalize.

Lamlungu lotsatira nkhaniyi inafika m'holo momwe timacheza tikatuluka m'mapemphero. Anaibweretsa ndi amuna anga omwewo, moseka, koma ine inandiwawa. Pali mkulu wa mpingo wina, munthu wophunzira kwambiri, amene anabwera kuno kudzachita maphunziro a uinjiniya n'kukhazikika. Nawonso ali ndi galimoto yamagetsi, yaikulu, yakuda. Anamvetsera bwinobwino, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mayi, vuto lanu ndi laling'ono. Muli pamtengo wamba. Makampani ali ndi pulani ya eni magalimoto amagetsi. Kuyambira pakati pa usiku mpaka mbandakucha magetsi amatchipa kwambiri. Mukalumikiza pogona, galimoto imadikira yokha nthawi imeneyo. Ine ndimachita zomwezo. Mawa lomwe muimbe foni."

Onse amene anali pamenepo anagwedeza mitu. Amuna anga anawathokoza ndi manja awiri, inenso ndinathokoza.

Lolemba ndinaimbadi. Mtsikana amene anayankha anali wachangu. Anandifotokozera zonse monga ananenera a mkulu wa mpingo, n'kuwonjezera chinthu chimodzi, kuti pa pulani imeneyi mtengo wa masana umakwerako pang'ono. Kenako anafunsa ngati andisinthiretu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere, koma maso anga anagwera pa yunifolomu yanga imene inali pampando. Pakati pa usiku mpaka mbandakucha, galimoto yanga imakhala ili kuti? Imakhala itaimikidwa kuseri kwa nyumba ya okalamba, pansi pa mtengo, pomwe palibe chaja ngakhale imodzi.

"Dikirani kaye," ndinamuuza mtsikanayo. "Ndidzaimbanso."

Amuna anga atabwera anafunsa ngati zatheka. Ndinawafotokozera.

"Ndiye inu mukudziwa kuposa munthu amene anaphunzira zamagetsi?"

"Zamagetsi sindikuzidziwa, bambo. Ndikudziwa kumene galimoto yanga imagona."

Anati ndichite zimene ndikufuna, koma bilu ikabweranso choncho galimotoyo ibwerere kumene inachokera.

Sukulu ndinalekera Fomu 2, ndipo masamu ndi amene ankandiliza kwambiri. Koma ntchito yanga yandiphunzitsa kuyang'anitsitsa. Wokalamba sanena kuti wadwala, umachita kuona wekha kuti lero wasiya theka la phala, kuti akuyenda mopendama. Ndinaganiza zoiyang'ana nyumba yanga chimodzimodzi. M'khitchini tinali ndi kamakina kamene kanabwera pamodzi ndi mita, koonetsa magetsi amene nyumba ikudya nthawi iliyonse. Kanali kuseri kwa chitini cha shuga, katachita fumbi. Ndinakapukuta n'kukaika pawindo.

Kwa milungu iwiri ndinkayatsa chinthu chimodzi n'kuthamangira kukaona. Ketulo inkakweza kwambiri, koma kwa kanthawi kochepa. Shawa inkakweza. Makina oumitsira zovala anandidabwitsa, chifukwa kuno dzuwa ndi losadalirika ndipo tinkawayatsa pafupifupi tsiku lililonse. Mababu, amene amuna anga ankakonda kundikalipira nawo, sankasuntha kanthu.

Tsiku lina ndinadzuka cha m'ma 4 koloko madzulo, galimoto itadzaza kale, makina onse ali zii, koma kamakina kaja kakuonetsa kuwala kofiira. Ndinazungulira nyumba yonse. Ndinakapeza amuna anga m'kachipinda kakumbuyo, komwe amaphunzirira nyimbo za kwaya pa kiyibodi, atatseka chitseko, mapazi atawayandikiza pa kahita kamagetsi.

"Kameneka mumakayatsa tsiku lililonse?"

"N'kakang'ono aka, mayi. Sikadya kanthu."

Ndinawapempha kuti tipite limodzi ku khitchini. Anaona kufiira kuja. Ndinabwerera kukazimitsa hita, ndipo pobwera ndinawapeza akuyang'anitsitsa kuwala kobiriwira, dzanja lili pachibwano. Madzulo amenewo anatsuka mbale osapemphedwa.

Apo ndinazindikira kuti nyumba yathu ndi ya masana. Galimoto imakhala pakhomo masana, kuchapa ndi kuphika timachita masana, hita imayaka masana. Pulani yokweza mtengo wa masana ikanatipweteka pawiri. Komabe sindinafune kuitaya ndisanaiyese, poti anainena ndi munthu waulemu wake. Ndinaganiza kuti mwina ndingamatchaje usiku wa masiku anga opuma okha, batire n'kundisenza masiku anayi onse a ntchito. Ndinayesa. Inali nyengo yozizira, ndipo kuzizira kumadya batire modabwitsa. M'mawa wa tsiku lomaliza ndinaweruka magalasi ataundana. Ndili pamsewu waukulu, galimoto inayamba kulira kuti mphamvu yatsala pang'ono. Ndinazimitsa hita ndi wailesi, n'kumayenda pang'onopang'ono mumzere wa malole, zala zitauma pa chiwongolero, ndikupemphera mokweza. Ndinafika pakhomo, koma ndinalumbira kuti sindidzabwerezanso.

Yankho ndinalipeza kuseri kwa mpanda. Woyandikana naye nyumba ndi mayi wa konkuno, wamasiye, wokonda kusuta ataima pakhomo, galu wake ali pambali. Chizungu chake poyamba chinkandivuta kumva, koma tinazolowerana. Popeza tsopano ndinali munthu woyang'anayang'ana, ndinaona kuti kapaipi kotulutsa nthunzi ya makina ake oumitsira kamafuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, itangodutsa 1 koloko masana. Ndinamufunsa chifukwa chake.

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati nyumba yake ili ndi mahita akale aja okhala ndi njerwa m'kati, osunga kutentha, ndiye kuyambira kale ali pa pulani imene maola ake otchipa anagawidwa: ena usiku, ena madzulo, ndi ena masana. "Ukuganiza kuti ndimachapa nthawi imeneyo chifukwa chokonda?" anandifunsa. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala lake, kundionetsa dzina la pulaniyo. Ndinalijambula pafoni.

Kampani yoyamba imene ndinaimbira inati ilibe pulani yotero. Yachiwiri inati ilipo koma ya makasitomala akale okha. Ku yachitatu anayankha ndi bambo wa mawu aulesi, amene atangomva kuti ndili ndi galimoto yamagetsi anayamba kundiwerengera za pulani ya usiku ija. Ndinamulola amalize. Kenako ndinamuuza nthawi imene ndimalowa ntchito ndi imene ndimaweruka, masiku amene galimoto imagona pakhomo, zinthu zimene zimadya magetsi m'nyumba mwanga ndi nthawi yake. Ndinamutchulira pulani ya mayi uja n'kumuuza kuti maola ake a masanawo ndi ochepa, koma ndayesa ndipo ndaona kuti amakwana kubwezera mphamvu ya ulendo umodzi wopita ndi kubwera. Ndinalankhula Chizungu changa chomwechi, chimene okalamba ena amati ndibwereze kawiri, koma sanandiuze kuti ndibwereze.

Ndinamva kugogoda kwa kompyuta yake. Kenako anati, "Mayi, mwanena zoona. Pulani ya usiku si yanu. Koma dziwani kuti maola otchipa a pulani mukufunayi satchipa kufika pa a usiku aja, ndipo kunja kwa maolawo mtengo ndi wokwera kuposa umene muli nawo panopa."

"Ndikudziwa," ndinayankha. "Ndisinthireni."

Panadutsa milungu ingapo kuti akonze mita yathu iziwerenga maola mosiyanitsa. Itakonzeka, ndinalemba maola otchipawo ndi cholembera chachikulu n'kumata pa fuliji. Ndinakhala pansi ndi kabuku ka galimoto mpaka ndinapeza mmene amaiuzira nthawi yoyambira kutchaja. Tsiku loyamba sindinagone. Ndinakhala pawindo ndi bulangete, ndipo nthawi itakwana ndinamva kuti tha! pakhoma, kanyali ka chaja n'kuyamba kuphethira kokha. Ndinaseka ndekha m'nyumba.

Moyo wa pakhomo unasunthako. Ndinayamba kudzuka msanga kuti kuchapa, kuumitsa ndi kuphika za mu uvuni zichitike m'maola amenewo. Sizinali zophweka, masiku ena ndinkapita kuntchito tulo tisanathe. Amuna anga anadandaula sabata yoyamba kuti m'nyumba mwawo momwe akuuzidwa nthawi yosambira, koma posakhalitsa ndinawamva akufunsa okha ali pamasitepe, thaulo lili paphewa, "Mayi, tili m'maola athu kodi?"

Bilu ya mwezi wathunthu itabwera, inandipeza ndikusita yunifolomu. Amuna anga anaima pakhomo la chipinda, foni ili m'manja, magalasi ali pamphuno. Anaiwerenga kawiri.

"Apa aphatikiza ndi galimoto yomwe?"

"Ndi galimoto yomwe, ndi hita yanu yomwe."

Inali yotsika kuposa ija inatidzidzimutsa, ndipo mafuta tinali titaiwala kugula. Anakhala pabedi n'kunena kuti, "Mwagwira ntchito, mayi." Amuna anga si munthu woyamikira pafupipafupi. Ndinapitiriza kusita kuti asaone nkhope yanga.

Ku tchalitchi ine sindinanene kanthu, poopa kuoneka ngati ndikutsutsa akulu. Koma a mkulu wa mpingo aja anafunsa okha ngati tinasintha, ndipo amuna anga anayankha mokweza, anthu onse akumva, kuti zimenezo afunse mayi, iwo ndi amene akuzidziwa. Ndinafotokoza mwachidule, maso ali pansi. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaika kapu yawo patebulo.

"Ine ndinalakwitsa," anatero. "Ndinakupatsani yankho la nyumba yanga. Sindinakufunseni n'komwe kuti mumagwira ntchito nthawi yanji." Anatembenukira kwa ena aja. "Muno theka la anthu amagwira ntchito usiku. Amene akufuna kusintha pulani ayambe wakhala pansi ndi mayiwa."

Anabweradi, ngakhale amene alibe galimoto yamagetsi. Sindiwauza pulani yoti atenge. Ndimawafunsa amene amakhala pakhomo masana, nthawi imene amachapa, ndi chimene chimayaka chitseko chitatsekedwa. Mayi wina ndinamuuza kuti asasinthe chilichonse, mtengo wamba ndi umene ukumuyenera, ndipo anapita atakhumudwa pang'ono chifukwa ankayembekezera chinsinsi.

Chilimwe chitafika, mwana wa mnzathu wina ankakwatiwa ku Edinburgh. Amayi atatu a kwaya analibe mayendedwe, ndiye ndinati ndiwatenga. Galimoto ndinaidzaza dzulo lake masana. Anakwera ndi zovala zawo za ukwati, mabeseni a mandasi ali pamiyendo. Wamkulu mwa iwo, mayi amene anakhala zaka zambiri akuphunzitsa ku Mzuzu, anakhala kutsogolo, ndipo titatuluka mumsewu wathu anandigwira mkono.

"Mwana wanga, wailiza kodi? Kapena ikungotsetsereka?"

"Yalira kale, amayi."

Anatchera khutu, osakhulupirira. Kenako anati galimoto yopanda phokoso chonchi ndi yabwino kuyeseramo nyimbo, n'kuyambitsa ya ukwati ija. Akumbuyo analandira, ine n'kulowa ndi mawu apansi. Tinaibwereza kanayi tisanafike, chifukwa ndime yachiwiri inkatisokoneza.