Munthu akapita kumpoto

Ku Area 23, mumzinda wa Lilongwe, tinkakhala pa lendi, m'nyumba ya zipinda ziwiri yomwe zenera lake linkayang'anizana ndi bafa la anthu onse a pampandapo. Chaka chomwe ndinali Sitandade 5, bambo anga, omwe tinkawaitana kuti Adada monga achitira akwathu ku Rumphi, anasiya kupita ku ntchito. Poyamba ankati n'chifuwa chabe. Kenaka lamba wawo anayamba kubooledwa mabowo atsopano ndi msomali, ndipo m'nyumba munkangomveka fungo la mankhwala ndi la malalanje, poti amayi a kutchalitchi akabwera kudzazonda matenda sankabwera chimanjamanja. Kunena mosabisa, mbali ya malalanjeyo inkandisangalatsa.

Adada anali munthu wa mafunso. Ngakhale mawu atayamba kuwathera mphamvu, akandiona ndikuchokera kusukulu, miyendo ili mbuu, ankandikodola kuti ndikhale m'mphepete mwa mphasa yawo pakhonde. Tsiku lina anandipatsa funso ili: munthu wanyamuka pamalo, wayenda kilomita imodzi kulowera kummwera, wakhota n'kuyenda kilomita imodzi kulowera kum'mawa, wakhotanso n'kuyenda kilomita imodzi kulowera kumpoto. Poima, wapezeka pomwe anayambira. Kodi anayambira kuti?

Ndinati n'zosatheka, koma popeza ndinali wamakani ndinakayesa ndithu. Ndinaika chitini pakhomo n'kuyamba kuponda mapazi. Kummwera ndinayenda bwinobwino, kum'mawa ndinalumpha ngalande, koma pokwera kumpoto ndinakathera pa mbaula ya Mayi Asiyatu, aneba athu a ku Mangochi omwe ankakazinga mandasi, chitini changa chili uko.

"Iwe Towera, ukufuna ndikukazinge limodzi?" anatero, akundikankha ndi chigongono.

Ndinasamukira kuseri kwa nyumba n'kumajambula padothi ndi kamtengo. Nthawi zonse pankatuluka bokosi losowa mbali imodzi, ndipo munthu wanga ankaima patali ndi kwawo.

Masiku omwewo m'nyumba munayamba manong'onong'o. Kunabwera abambo aang'ono kuchokera kumudzi, ndipo ankakhalitsa ndi amayi pansi pa mtengo wa papaya, akulankhula motsitsa. Mawu omwe ndinkatolapo anali amodzi: kumpoto. Kwa ife kumpoto sikunali mbali ya kampasi ayi. Kunali kwathu, kumene basi inkanyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa litapendeka. Komanso ndinali nditaona kale pampanda pathu pomwepo kuti wodwala akamutengera kumudzi, chobwerako ndi uthenga basi. Ndinachita mantha moti za kusukulu sizinkalowanso m'mutu. Ndinkafuna wina andiuze kuti Adada akapita adzabweranso, koma ndikafunsa, amayi ankangondituma kukatunga madzi, ngakhale ndowa zili zodzaza.

Ulendo utatsala pang'ono, Adada anandifunsa ngati yankho ndalipeza. Ndinapukusa mutu. Anandiuza kuti ndisende lalanje koma ndisaligawe. Zala zawo zinali zitaonda moti mphete inkazungulira yokha. Analandira lalanjelo n'kundionetsa mizere yomwe imalekanitsa zigawo zake.

"Vuto lako ukujambula padothi, chikhalirecho dziko si lathyathyathya," anatero. "Taona mizereyi. Pamimbapa yatalikirana. Nanga pamwambapa?"

"Yakumana."

"Eya. Pamwambapa ndiye kumpoto kwenikweni kwa dziko. Ika chala."

Ndinaika chala pamchombo pa lalanjelo, iwo n'kundigwira dzanja. Tinatsika ndi mzere umodzi, kumeneko ndiye kummwera. Tinayenda chopingasa mpaka pa mzere wina, kumeneko ndiye kum'mawa. Kenaka tinakwera ndi mzere wachiwiriwo, ndipo chala chinafika pomwe chinayambira. Mbali yachinayi yomwe inkandisowa padothi ija sinkafunika n'komwe, chifukwa pa chinthu chobulungira njira zonse zolowera kumpoto zimakathera pamalo amodzi. Ndinabwereza kangapo, madzi a lalanje akuyenderera mpaka m'chigongono.

Adada anafotokozanso kuti malowo ali kutali zedi, kozizira, kwa madzi oundana okhaokha. Zimenezo zinangondidutsa. Ine ndinali nditamva kale chomwe ndinkafuna: yankho ndi kumpoto, ndipo kumpoto n'komwe iwo ankapita.

"Ndiye kuti munthu akapita kumpoto amabwerera pomwe anayambira?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana, akupuma movutikira. "Amabwerera, mwana wanga."

Tsiku la ulendo ndinadzuka wopepukidwa. Abambo aang'ono anawabereka Adada mpaka kumsewu, amayi akutsatira ndi chikwama, maso ali psuu. Minibasi yopita ku depoti itanyamuka, ine ndinkabayibitsa ndi manja onse awiri, ndikumwetulira. Mayi Asiyatu, omwe ananditenga kuti ndimalize teremu ndili kwawo, anandikokera pachitenje chawo n'kuuza mnzawo chapansipansi kuti mwanayu sakudziwa kanthu. Mumtima ndinkati iwowo ndi omwe sakudziwa jogalafe. Madzulo aliwonse ndinkapita kukasesa khonde lathu kuti mwini wake asadzalipeze ndi fumbi.

Uthenga unabwera mayeso asanayambe. Paulendo wonse wa ku Rumphi sindinalire, ndipo ngakhale nditaona bokosi ndinangokhala duu, ngati akunena za munthu wina. Ndinali ndi mkwiyo, chifukwa ndinkaona kuti Adada anandinamiza, chinthu chomwe anali asanachitepo.

Kumanda, nyimbo zitatha, abambo aang'ono anaimirira kuti anene mbiri ya malemu monga mwa mwambo. Ankalankhula Chitumbuka, chomwe ine mwana wa m'tauni ndinkangochimva patalipatali, koma mayina a malo ndinawamva bwino. Anati malemu anabadwira m'mudzi uno, kuseri kwa phiri ilo. Atamaliza sukulu anatsikira ku Mchinji kukayamba ntchito. Kuchoka uko anasamukira ku Lilongwe, komwe anakwatira. Ndipo tsopano wabwerera.

Za ku Mchinji ndinali ndisanazimvepo, koma mapu a Malawi ndinkawadziwa, poti anali pakhoma la kalasi yathu. Chala changa chinayamba kuyenda chokha pabondo: kummwera, kum'mawa, kumpoto. Pamenepo m'pamene ndinalira kulira kwenikweni, kosagwirika, moti azakhali anachita kundinyamula kuchoka pagulu.

Masiku ano matenda ngati aja ali ndi mankhwala, ndipo ambiri timaikana mumzinda momwemuno, pomwe mwana akafuna angathe kukwera minibasi n'kukaona manda a kholo lake. Ana anga dziko amalizunguza ndi chala pa foni, moti funsoli analiyankha ndisanamalize n'kufunsa komwe. Kwa iwo kumpoto n'kumene timapita pa Khirisimasi. Ine funsoli limandipwetekabe mpaka lero. Adada sanandinamize ayi. Kungoti kwa ine moyo wawo unayambira ku Area 23, poti m'pomwe ndinawapeza, ndipo sindinaganizepo kuti anali ndi poyambira pawo pomwe ine panalibe.