Temometa ya dona wa ku Woodlands

Ndikukumbukira kabokosi kakuda, kowonda ngati cholembera, kamene amayi ankasunga m'sutikesi pansi pa bedi m'nyumba yathu ku Kabwata, ndipo mpaka lero ndikakaganizira mtima umandiwira. Mkati mwake munali temometa, kagalasi kopimira kutentha kwa thupi, kokhala ndi kamzere konyezimira ka madzi olemera aja amati mekyuli. Anzanga anasiya sukulu pa zifukwa zomveka: wina atate ake anamwalira, wina anapatsa mimba mwana wa eni, wina mutu unali wouma basi. Ine ndinasiya sukulu chifukwa cha kagalasi.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Woodlands, kwa dona wina wachizungu. Zaka zimenezo azungu ambiri ankalongedza katundu kubwerera kwawo, antchito n'kumasiyiridwa zotsala. Ena analandira njinga, ena makina osokera. Amayi atafunsidwa chimene akufuna, anasankha temometa. Atate anapukusa mutu kwa masiku, koma sanakangane nawo, pakuti tonse tinkadziwa chifukwa chake. Mlongo wanga wamkulu Esinati anadzuka tsiku lina akudandaula mutu. Amayi anamugwira pamphumi ndi dzanja, nati palibe kanthu, apite kusukulu. Masana anabwera atanyamulidwa ndi aphunzitsi, malungo atakwera kumutu, ndipo sanachire. Kuyambira pamenepo amayi analeka kukhulupirira dzanja lawo.

Manambala a pa kagalasiko sankawatsata, koma dona anawasonyeza kamuvi kofiira: mzere ukaima pansi pa kamuviko munthu ali bwino, ukapitirira akudwala. Chimodzi chokha dona sanawauze, mwina poganiza kuti aliyense amachidziwa. Asanapime mwana wake ankayamba wakagwedeza kagalasiko mwamphamvu, ngati munthu wokutumula madzi m'manja. Amayi ankaziona zimenezo ndi maso awo, koma ankati ndi kusasamala kwa anthu olemera, amene chinthu chikasweka amangogula china. Ndiye kwathu linakhala lamulo: temometa imanyamulidwa ndi manja awiri ngati dzira, ndipo woigwedeza aona zakuda.

Chaka chimene ndinali mu Giredi Seveni, nthawi yotentha ija malata a padenga amachita kulira okha masana, malungo anandigwira. Anali malungo enieni, sindikana. Ndinkanjenjemera mano kugundana. Temometa inapeza ntchito yake yoyamba m'khwapa mwanga, mzere n'kukwera kusiya kamuvi kutali. Atate ananditengera kukiliniki, ndinamwa kolokwini wowawa uja, thupi linayabwa mpaka ndinkadzikanda ndi chitsononkho, kenako ndinachira. Ndinayamba kudya ngati dzombe ndi kukankha mpira wa mapepala kuseri kwa nyumba. Mayeso anali pafupi, mayeso amene ankasankha wopita kusekondale ndi wobwerera kunyumba, ndipo masamu ndinkawadziwa, funsani aliyense amene tinali naye kalasi imodzi.

Koma m'mawa uliwonse amayi ankatulutsa kabokosi, kundiika kagalasi m'khwapa, kukayang'ana pa kuwala kwa pawindo, n'kupuma mozama. Mzere unali pomwe paja. Anandifunditsa mabulangete awiri m'kutentha konse kuja. Anandifukiza ndi masamba a bulugamu mu beseni la madzi owira mpaka maso kufiira ngati tsabola. Ndikati ndili bwino ankati malungo oipa ndi omwewo, obisala m'mafupa.

Mbiri ya temometa inamveka m'layini monse. Bana Chanda, mayi wachibemba wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankagulitsa tomato pamsika, anabwera akuseka, dengu lili pamutu, kuti nawonso apimidwe aone. Mzere unali pamwamba. Kuseka kunatha pomwepo, anabwerera kwawo atagwira khoma, ndipo tomato anawolera m'dengu iwo ali gone. Atate nawo anapimidwa, mzere pomwe paja. Anangovala chipewa chawo n'kunena kuti ngati ndi imfa ikawapeze kuntchito, ulendo wa ku Heavy Industrial Area.

Ine ndinaona kuti pali chinachake chopusa apa. Ndinakakamiza amayi kuti apime madzi a mumtsuko, ozizira aja. Anavomera, nalowetsa nsonga yake mosamala, tonse titaweramira pamtsukopo. Mzere sunasunthe. Ndinalumpha ndi chimwemwe, poganiza kuti mlandu watha.

"Waona?" anatero amayi. "Ndiye chifukwa chake tonse tidwala. Ni manzi ya mu pompi aya."

Kuyambira tsiku limenelo tinkamwa madzi owiritsa onunkha utsi. Ndikukuuzani, anthu inu, kukangana ndi munthu wamantha n'kutaya malovu.

Tsiku loyamba la mayeso ndinadzuka molawira. Yunifomu ndinali nditaisita ndekha ndi simbi ya makala, mapensulo osongoka ali m'thumba. Amayi anatulutsa kabokosi. Ndinawapempha, ndinawagwadira, ndinalumbira pa dzina la Mulungu kuti palibe pondiwawa. Anapima ndithu. Anayang'ana mzere, anayang'ana ine, kenako anakiya chitseko, kumanga kiyi pa ngodya ya chitenje, n'kukhala pansi atatsamira chitsekocho. Kuntchito yawo yatsopano sanapite tsiku limenelo.

"Na Esinati anavala yunifomu," anatero, osakweza mawu.

Mawindo athu anali ndi zitsulo zotchingira akuba, ndipo tsiku limenelo zinatchingira ine. Ndinamva anzanga akudutsa panjira, wina n'kuitana, "Yotamu, iwe, tiye tachedwa!" Ndinamenya khoma ndi chibakera, ndinaponda mpando mpaka mwendo wake kuthyoka, ndinalira ndi ukali thukuta lili kamukamu. Amayi anangoyang'ana thukutalo n'kugwedeza mutu, ngati kunena kuti umboni ndi umenewo.

Ndinakana kudya mpaka atanditengera kukiliniki. M'mawa mwake tinapita, kabokosi kali m'chikwama cha amayi, katakulungidwa mu duku. Titafola mpaka dzuwa kukwera, tinalowa kwa nesi wina wonenepa wooneka wotopa. Anatulutsa temometa yake m'kapu ya mankhwala, n'kuigwedeza kuti phwa phwa phwa, osayang'ana n'komwe.

"Ba sisita, muzapwanya!" amayi anafuula.

Nesi anangondiika temometayo m'khwapa. Anandipima, nati mwana uyu alibe malungo, wotsatira alowe. Amayi anamasula duku, natulutsa yawo ndi manja awiri kuti amuonetse kuti wanama. Nesi anaiyang'ana, anaigwira ku mapeto, n'kuigwedeza chimodzimodzi. Atawabwezera, mzere wonse unali utathawira pansi, kamuvi katatsala kokha pamwamba.

"Amai, aka mufunika kukagwedeza," anatero nesi. "Mekyuli ikakwela siibwelela yeka, iyembekeza imwe. Manje mwenze kupima chabe malungo yakudala."

Masabata onse aja tinkapima malungo amene anatha kalekale. Ine, atate, bana Chanda ndi mtsuko, tonse tinkadwala matenda amodzi akale.

Ndinathamanga kuchokera pakiliniki mpaka kusukulu, osatsanzika. Anandilola kulemba zotsala, koma mapepala a dzulo lake anali atamangidwa kale, ndipo wachiwiri kwa ahedi anati boma silibwerera m'mbuyo chifukwa cha mwana mmodzi. Zotsatira zitatuluka dzina langa panalibe. Nditapempha kubwereza anati malo palibe, ana akukhala kale pansi mpaka pakhomo. Ndinawayankha mawu amene sindingalembe pano, ndipo geti la sukulu linanditsekekera mpaka kalekale. Lero ndimakweza matumba m'malole ku Heavy Industrial Area komweko, pafupi ndi kumene atate anakalambira.

Koma ndibwerere ku tsiku la kukiliniki lija. Madzulo ake nditafika kunyumba, mawu oti ndiwauze amayi nditawakonza njira yonse, ndinawapeza ataima pakati pa chipinda akuphunzira kugwedeza. Ankachita mwamantha, kenako anayesa mwamphamvu ngati nesi uja. Kagalasi kanapulumuka m'zala, kanagunda khoma, n'kusweka. Mekyuli inagwera pa simenti yathu ya polishi wofiira, timipira tasiliva tikuthamanga paliponse. Amayi anatenga tsache, koma akati asese, kampira kamodzi kankagawika kukhala tambiri, tina kulowa m'ming'alu. Ndinagwada n'kutikankhira pamodzi ndi zala, timipirato n'kumamezana mpaka kutsala kamodzi. Chinthu chimene chinanditsekera m'nyumba chinali chochepa kuposa njere ya mapira.

Amayi anasiya tsache. Anapukuta dzanja pa chitenje, anazengereza, kenako analiika pamphumi panga. Kuyambira maliro a Esinati anali asanagwirepo mwana aliyense chotero. Dzanjalo linali lokhakhala, lonunkha sopo. Linakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Uli bwino, Yotamu," anatero.

Masabata onse aja ndinkafuna kumva mawu amenewo. Anabwera mayeso atapita. Ndipo mawu anga onse aukali aja, amene ndinawakonza bwinobwino, palibe ngakhale limodzi limene linatuluka. Chimenecho chimandipsetsa mtima mpaka lero, kuti pa nkhani yonseyi palibe munthu woti ndimukalipire.

Masiku ano matemometa ali mbwee m'masitolo a mankhwala mu Cairo Road, ndipo akuti mekyuli ija ndi poizoni, yosayenera kuigwira, pamene ife tinkaikankha ndi zala. Mwana wanga woyamba atabadwa ndinagula yanga. Ndimaigwedeza mpaka mkazi wanga kundiuza kuti ndithyola mkono. Amayi akabwera kudzaona mdzukulu wawo saikhudza n'komwe. Amamunyamula, kumuika dzanja pamphumi, n'kunena maganizo awo. Ine ndimapimabe pambuyo pawo, iwo akuyang'ana kumbali ngati sakuona. Ndikamaliza amafunsa motsitsa mawu, "Wagwedeza?"