Nduna ya Phala ku Wembley

Inu amene ntchito yakufikani pakhosi, tamvani za Winfrida.

Tsiku limene mbale ya phala inamuswekera pamapazi, mkulu wa nyumba yosamalira okalamba ku Wembley anamuuza mosapsatira kuti akalephera kudyetsa a Bhatti sabata imeneyo, ntchito yatha. Ntchito ikatha, viza nayo yapita. Abale inu, munthu kudzuka kusanache ku Thamesmead, kukwera mabasi, n'cholinga chodzagendedwa ndi mbale!

A Bhatti anali nkhalamba ya ku Pakistan. Chidwalireni sitiroko sankalankhula ndi munthu, chakudya ankangokankha. Tsiku lonse maso dwii pa TV, kuonera pulogalamu ya nthabwala yakwawo, phokoso logonthetsa m'kutu. Winfrida zinkamukwana kwabasi. Azibambo akuluakulu a pa TV aja kukhala pa sofa n'kumakuwirana, iye osatolapo kanthu.

Atatopa, anafunsa Shabnam, mwana wa a Bhatti, kuti anthu amenewa amalongolola chiyani. Shabnam anati mmodzi wa iwo, wovala jekete, akutsanzira nduna, akulonjeza magetsi ndi ufa m'Chiurdu chosalala cha mu ofesi. Enawo amamuyankha m'Chipunjabi cha kumsika, kumunyogodola mpaka ulemu wonse kutha.

Winfrida anagwira pakamwa. Iye anakula nthawi imene munthu asanaseke mtsogoleri ankayamba wayang'ana kumbuyo. Koma nduna zolonjeza m'Chingerezi, anthu n'kumazitukwana chamumtima m'Chichewa, ankazidziwa bwino.

M'mawa mwake anabwereka jekete la mlonda, n'kuima kutsogolo kwa TV, sipuni ngati maikolofoni. M'Chingerezi cha m'mphuno analengeza kuti boma lake lavomereza kupatsa a Bhatti phala, koma chaka chamawa. A Bhatti anamugenda ndi silipasi. Anzake a ntchito anaseka pakhomo, iye manyazi kumugwira mpaka anakalira kubafa.

Koma sanaleke. Anabweranso, n'kubweranso. Tsiku lina sabata ija isanathe, Shabnam alipo, Winfrida anakumbatira mbale n'kulengeza kuti phalalo lapita kukomiti.

Nkhalamba ija inatsegula pakamwa. Kenako mawu a Chipunjabi anatuluka, okhotakhota koma aukali. Shabnam anakhala pansi, misozi mbwe mbwe mbwe.

"Akuti chiyani?" anafunsa Winfrida.

"Akuti ndinu mbava. Mubweze phala lawo."

A Bhatti analanda mbale ija n'kudya phala lonse, uku akutukwanabe.

Ntchito sinathe, viza anamuwonjezera. Patapita nthawi, Winfrida ndiye anapatsidwa udindo wotsogolera zosangalatsa okalamba panyumbapo. Chipunjabi chimene amadziwa mpaka lero ndi chotukwana chokhachokha, ndipo amachinyadira.

Ndiye inu amene mwagendedwa lero, musafulumire kulongedza katundu. Lirani ngati kulira kwabwera, sukusulani, mawa mudzuke mupitenso. Osataya mtima ayi.