Khoma la Mamba ndi Dzanja Lamanzere

A Manzere ndi mmisiri wa pulasitala, ndipo dzinali analitengera ku dzanja lomwe amagwirira mpeni womangira. Mukawapeza m'mawa pakhomo pawo, muwaona akutsuka mpeniwo ngakhale palibe amene wawaitana. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wa mapewa opendekeka, wa zikhatho zoti simenti inafufuta mizere yonse. Anthu amati ndi ofatsa. Akazi awo okha ndi amene amadziwa kuti kufatsako ndi chivundikiro chabe, pansi pake pakhala pakubwata kwa zaka makumi atatu.

Ntchito zawo ndi zija amisiri odzimva amazikana: kumata mipanda ya eni, kutseka ming'alu, kukonza zimbudzi za pasukulu. Koma sanayambire pamenepo ayi. Ali mnyamata anali pa katawala m'chinyumba cha nsanjika zisanu ndi ziwiri chimene kampani ina inkamanga pakati pa tauni. Omanga njerwa anali atapotoza khoma lalikulu la m'holo yolandirira alendo, moti linatuluka mimba pakati. Amene anayenera kuliona msanga anali a Kapitawo, woyang'anira amisiri, koma iwo maso awo ankathera pa anthu ochedwa kubwera kuntchito. Atazindikira, anauza a Manzere kuti apake pulasitala wosalala msangamsanga wojambula mapulani asanafike.

Mmisiri aliyense amadziwa kuti pulasitala wosalala sabisa mimba, amachita kuilengeza dzuwa likalowa pawindo. Ndiye a Manzere anadinda mpeni pa simenti yaiwisi n'kumaukoka mokhota, mzere pamwamba pa mzere, mpaka khoma lonse linakhala ngati mamba a nsomba. Mimba ija inasowa. A Kapitawo atatsika kuchokera kumwamba anayang'ana khomalo, nkhope n'kuchita tsinya.

"Iwe, ndinakutuma kuti uzindijambulira nsomba?"

Madzulo omwewo anawachotsa ntchito, ndi kalata yoti sadziwa ntchito komanso samva zowauza. Mawa lake wojambula mapulani anafika, anaima pakhomalo nthawi yaitali, kenako anafunsa amene anaganiza zokongola chotere. Anzawo a a Manzere anaona ndi maso awo a Kapitawo akudzigwira pachifuwa. Munthu kudyeredwa masuku pamutu kumeneko. Kalata ija inawatsekera a Manzere zitseko za makampani onse, ndipo khomalo linatchuka popanda mwini wake.

Anayesapo katatu kulowa kuti angoliona. Katatu konse mlonda anayang'ana nsapato zawo za simenti n'kuwafunsa amene abwera kudzamuona. Anayenera kuyankha kuti chiyani, kuti abwera kudzaona khoma? Anazolowera kulisuzumira pagalasi, ali pamsewu, akupita kukamata mpanda wa wina. Ndipo tisawanamizire chifundo chimene analibe: a Manzere ankawada a Kapitawo, ndipo chidanicho ankachisamala monga amasamalira mpeni wawo.

Tsiku lina wailesi inalengeza kuti kuyambira Loweruka nyumba zikuluzikulu za m'tauni zidzatsegulidwa kuti aliyense alowe kwaulere, aone mmene zinamangidwira. Inanenanso kuti kuchinyumba cha kampani ija, woyendetsa alendo adzakhala mmisiri wopuma amene anapanga khoma la mamba ndi dzanja lake. A Manzere anazimitsa wailesiyo pang'onopang'ono.

"Mayi, mundisitireko jekete lija."

"Bambo, mukufuna mukachite zotani pamaso pa anthu?" anafunsa akazi awo. "Munthuyo wakalamba."

"Inenso ndakalamba. Mlandu suwola, mayi."

Mayiwo anasita jekete, ndipo ngakhale ankang'ung'udza, mpeni womangira anauika okha m'chikwama chawo cha m'manja.

Loweruka mzere unafika mpaka pakona. Munali aphunzitsi, ophunzira onyamula makope, ndi amayi a nsapato zogogoda. Mlonda amene ankabweza anthu, lero ankachita kuwawerama. A Kapitawo anatulukira ali mu suti yotuwa, imvi zili mbuu, ndodo yolozera m'manja. Anayang'ana gulu lonse, maso awo n'kudutsa pa a Manzere ngati akudutsa pa mzati. Munthu amene wakupweteka sasunga nkhope yako.

A Kapitawo anakweza alendowo m'chikepe mpaka pamwamba kukaona madenga a tauni. Anawalowetsa m'chipinda cha misonkhano, cha tebulo lalitali loti mungaseweretsepo ana. Anawaonetsa masitepe okhota, mizati ya konkire, ndi mawindo olowetsa kuwala popanda kutentha. Pena ankanena zoona, pena ankathira mchere, ndipo anthu ankajambula zonse ndi mafoni. A Manzere ankatsatira kumbuyo ndi akazi awo, manja kumsana. Wodikira zaka makumi atatu sangalephere ola limodzi.

Holo inali yomaliza. Ataima pafupi ndi khomalo, a Manzere anakweza maso. Anali ataiwala kukula kwake. Dzuwa la masana linkagwa pa mamba aja, lililonse ndi kamthunzi kake, ndipo m'munsi anaonamo pamene dzanja linawaterereka chifukwa cha njala ya tsikulo. Misozi inalengeza m'maso, koma mkwiyo unaiumitsa.

"Khoma ili ndinachita kulilota," anatero a Kapitawo, akukweza dzanja lamanja. "Kutacha ndinalipanga ndekha, ndi dzanja ili mukuliona."

Anthu anaomba m'manja. A Manzere anadikira kuti amalize, kenako anaimika mkono ngati mwana wa sukulu.

"Pepani bwana, ife ndi osaphunzira. Tatisonyezaniko mmene munkakokera mpeni, mungoyerekeza m'malere. Mayi, apatseni chija."

Mpeni utatuluka m'chikwama cha mayi, anthu anaseka. A Kapitawo nawo anaseka, anaulandira ndi lamanja, n'kuukoka mokhota kuchokera kumanzere kupita kumanja, mwaukatswiri ndithu.

"Zikomo bwana," anatero a Manzere. "Tsopano, abale anga, pamene mpeni wanyamuka pa simenti yaiwisi pamatsala kamlomo. Wogwira ndi lamanja amasiya kamlomoko kumanja, monga achitira bwanawa. Tagwirani khomali mundiuze kumene kali."

Mtsikana wina wa kope m'manja, amene ankalemba chilichonse chotuluka pakamwa pa a Kapitawo, ndiye anayamba. Anasisita pamodzi, anasisita pena, anasuntha mpaka pakona. Anayesa kutsatira mkhoto wake ndi dzanja lamanja, mkono n'kupotoka.

"Timilomo tonse tili kumanzere," anatero motsitsa. Kenako anatembenukira kwa a Kapitawo. "Agogo, si paja inu ndi lamanzere simutha ngakhale kumanga batani?"

A Manzere anatenga mpeni wawo m'manja mwa a Kapitawo, anaugwira ndi lamanzere, n'kuugoneka pakhoma. Unayenda m'mkhoto uja osaphonya, mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Anauza anthuwo kuti atsamize tsaya pakona ayang'ane m'litali mwa khoma, aone chimene mambawo anabisa. Amayi a zogogoda aja anatsamiza masaya, mmodzi n'kuphulika kuseka. "Ee, lilidi ndi mimba."

Apa m'pamene a Kapitawo anawayang'ana a Manzere bwinobwino. Anasendera pafupi n'kunong'ona, thukuta likutsikira m'kolala.

"A Manzere, ndinu? Chonde achimwene, uyu ndi mdzukulu wanga. Sukulu ya zomangamanga anaisankha chifukwa cha khoma limeneli. Tiyeni tikakambirane panja."

A Manzere sananong'one.

"Panja ndakhalako zaka makumi atatu, a Kapitawo. Tikambirana muno."

Ndipo anakambadi, osakweza mawu kuposa mmene holo inkafunira. Ananena za mimba ya khoma, za nsomba zija, za kalata, za zimbudzi zimene amata ndi dzanja lomwelo. Mayi woyang'anira nyumbayo anawafunsa dzina lawo lenileni ndipo analilemba. Mtsikana uja anatseka kope lake. Agogo ake atamugwira phewa, iye anasuntha pang'ono, dzanjalo n'kutsala m'malere. A Manzere anaziona zimenezi. Anafufuza chisoni mumtima mwawo, ndipo chimene anapezamo chinali cha mwanayo chokha.

Pamalo odikirira basi akazi awo anawapukuta fumbi paphewa la jekete.

"Mwalavula zakukhosi, bambo. Mtima watsika tsopano?"

A Manzere anayang'ana chinyumba chija, anthu ena ali pamzere kudikira kulowa.

"Wailesi inati chiyani paja, atsegula Loweruka lokha?"

"Inati ndi mawa lomwe."

"Ndiye jeketeli musalichape."