Pusi wa m'thanki ndi valavu ya kumalaini

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cholephera ina. Munali m'masiku a Chitaganya, nditangokwatira Esinati, pamene ndinachoka kwathu ku Thekerani kukalembedwa yothyola tiyi pa esiteti ina. Tiyi amafuna timasamba tiwiri ndi kansonga, koma manja angawa ankabwera ndi nthambi yonse. Tsiku lachitatu ndinazula mtengo wathunthu ndi mizu yomwe. Ndikulumbira, dzenje lake lilipo mpaka lero, ana amasambiramo. Kapitawo sanakalipe. Anangonditengera kwa a Makwinja, fitala wokonza makina pafakitale, nati: "Uyu mumpatse zitsulo, zamoyo atimalizira."

A Makwinja anali munthu wamfupi, wosaseka. Anandikweza pachitunda pomwe panali thanki yaikulu ya madzi. Kunsi kwake kunali dzenje lasimenti, ndipo m'menemo munali mapaipi atatu, iliyonse ndi gudumu lake lachitsulo.

"Ichi n'chiyani?" anandifunsa.

"Mpopi."

"Mpopi ndi womwe amatungapo akazi ako. Iyi ndi valavu. Ntchito yake n'kuuza madzi kuti adutse ochuluka bwanji. Azungu dzinali amatchulira chilichonse chopanikiza njira. Ili patayala la njinga, ili paboyila, ndipo akuti ngakhale mumtima mwa munthu ilimo. Mwa bwana wathuyu sindinasuzumiremo."

Anandiphunzitsa bwino, zimenezo sindingawanamizire. M'kati mwa valavu muli kachitseko kachitsulo kokwera ndi kutsika. Kumanzere ukutsegula, kumanja ukutseka. Potseka usathamange, chifukwa madzi amabwerera n'kumenya paipi ngati nyundo. Ukatsegula mpaka kumapeto, bweza pang'ono kuti isadzakakamire. Zida zanga zinali sipanala yaikulu, chitini cha girisi, chingwe chamafuta chotsekera podontha, ndi choko cholembera pagudumu kuti lizipotokoledwa kangati.

Chokocho n'chimene chinandinyansa poyamba. Valavu ya kufakitale tinkaipotokola kasanu ndi katatu. Ya kunyumba kwa bwana, kakhumi ndi kawiri, ndipo inali ndi sefa yamkuwa yomwe ndinkatsuka Lolemba lililonse. Ya kumalaini, komwe tinkakhala ife antchito, kamodzi ndi theka basi. Sefa inalibe, ndipo paipi yake inkachokera pansi penipeni pa thanki, pomwe pamakhala matope. Madzi ankangodontha. Mayi wina anatchera ndowa ali ndi pakati, inadzadzaza mwana akukwawa. Mwanayo ndimamudziwa, ali ku Goliati.

M'mwezi wa Okutobala madzi a kumalaini anayamba kununkha. Sindikunena kafungo ayi. Ntchentche zinkafika pandowa, n'kubwerera zili chete. Esinati anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anayamba kutsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati. A Makwinja anakanena kwa bwana, mzungu yemwe tinkamutcha Chipewa. Yankho linali lakuti anthu a kumalaini satsuka ndowa zawo.

Patapita masabata awiri madziwo anasiyiratu. Amayi a kumalaini anakandandalika ndowa pakhomo la ofesi, ndipo apo m'pamene Chipewa anatilola kukwera pathanki. Nditasuntha chivindikiro ndinamuona. Pusi, mphwake wa nyani. Anali atafufuma ngati thumba la chimanga, ubweya ukuyandama pawokha, mano ali pamtunda ngati akutiseka. Ndinamuvuula ndi dengu lothyolera tiyi, koma anabwera theka. Theka linalo linakana kusiya ntchito.

Ndinatsika n'kukasanza patsinde pa bulugamu. Ndinasanza za tsikulo, za dzulo lake, ndi mbatata yomwe ndinadya paukwati wanga.

Kenako tinamasula mabawuti a valavu ya kumalaini. Pakampata kaja ka kamodzi ndi theka panali patatsekeka ndi ubweya ndi zina zomwe sindingalembe. Valavu yopanikizidwa imakola chilichonse, ndipo madzi onse omwe mkazi wanga ankamwa ankadutsa pamenepo.

A Makwinja anati thanki ikhuthulidwe ndi kutsukidwa. Chipewa anabwera atatseka mphuno ndi mpango, naima patali. Kukhuthula thanki kunatanthauza kuimitsa fakitale tsiku lathunthu, masamba ali kale m'nyumba yofotetsera.

"Ayi," anatero m'Chinyanja chake chopindika. "Madzi a pamwamba ali bwino. Tsegula valavu ya malaini yonse, zoipa zituluke kumeneko. Anthu aphitse."

"Inde bwana," anatero a Makwinja. Chipewa atapita anandipatsa sipanala. "Wamva. Ine ndikukaona boyila. Ndichedwako kwambiri."

Ndinakhala m'dzenjemo ndikuyang'ana magudumu atatu aja. Ndinaganiza za ntchito, poti nyumba ya kumalaini inkapita limodzi ndi ntchito. Ndinaganizanso za Esinati atagona pamphasa, milomo itauma. Kenako ndinatseka valavu ya kumalaini, pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira. Ndinamasula sefa yamkuwa ya bwana n'kuiika pambali mwaulemu. Ndinadula nsungwi yaitali, n'kukwera pathanki, n'kutakasa ngati mayi wophika thobwa. Valavu ya bwana sindinaikhudze. Inali kale kakhumi ndi kawiri.

Inali nthawi yomwe dona, mkazi wa Chipewa, ankasamba. Kukuwa kwake kunamveka mpaka ku Bvumbwe, agalu a kumeneko n'kuyankha. Khukhi wa panyumbapo anandiuza kuti pampopi wa m'bafa panatuluka kadzanja ka pusi, katatambasuka ngati kakupereka moni. Alipo amene amati dzanja silingadutse pampopi. Khukhiyo anamwalira, koma akanakhala moyo bwenzi akukuuzani yekha.

Dzuwa lisanalowe fakitale inali itaima. Thanki inakhuthulidwira kukhwawa, amuna asanu n'kuikwecha ndi mchenga ndi laimu, n'kuikwechanso. Mawa lake madzi oyera anafika kumalaini, koma ine ndinali nditachotsedwa kale. Chipewa anati ndine chitsiru chosadziwa valavu. A Makwinja anavomereza pamaso pake kuti chitsiru chotere sanachionepo chibadwire. Pondiperekeza anandiponyera sipanala yakale m'thumba.

Tinabwerera ku Thekerani, Esinati ali pakaliyala ya njinga yobwereka, atanyamula botolo la madzi a m'thanki yotsukayo. Anachira. Mwana anabadwa wamkazi, manja ake ngati anga, tsoka lake.

Sipanala ija yandidyetsa zaka zambiri, m'masukulu, m'zipatala ndi m'mafakitale ena. Ophunzira ntchito ndimawauza za girisi, za kutseka mosathamanga, za kubweza gudumu pang'ono. Koma ndikafika pamalo patsopano, ndisanamwe madzi awo, ndimayamba ndapita kuthanki kukaona valavu yomwe inapanikizidwa kwambiri. Ndimatsatira paipi yake mpaka komwe ikuthera. Sindinapezeko nyumba ya bwana ngakhale kamodzi.