Pulinta Yakale ya a Tiyesenso

A Tiyesenso anayamba kukonza makompyuta pa ofesi ina tsitsi likadali lakuda. Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe, poti chinthu chikakana ankangoti tiyesenso. Mausi ya kompyuta sankaigwira, ati ndi ya alesi. Iwo ankalemba malamulo pa sikirini yakuda ndi zala ziwiri, lilime lili panja.

Koma katswiriyu ankauma pakamwa akaona mayi osunga makiyi a chipinda cha katundu. Chimwalirireni akazi awo, mtima unali pa mayiwa, ndipo zaka zinatha akungowapatsa moni. Zoti akhoza kukanidwa zinkawaopsa kuposa bwana. Ndiye poyesa pulinta ankalemba kuti, “Mayi a makiyi, tiyeni timange banja,” pepala likatuluka n’kulikwinyira m’thumba.

Lolemba lina kunabwera pulinta yatsopano, yakale n’kuponyedwa kuchipinda cha katundu. A Tiyesenso analemba lamulo, kompyuta n’kuvomera, koma pepala osatuluka. Anayang’ana pamzere wa ntchito zodikira, panalibe kanthu. Anazula waya, kuuzira, kubwezera. Anagwedeza inki. Pulintayo anaisisita, anaitukwana, kenako anaipepesa anthu akuona. Sabata yonse ankangotumiza mawu awo aja, osadya n’komwe.

Chimene anaiwala n’chaching’ono: kompyuta inkatumizabe ntchito ku dzina la pulinta yakale. Ndipo mayi aja, posakonda mawaya olendewera, anali atalumikiza mawaya onse a pulinta yakale ija kukhoma.

Lachisanu mayiwo analowa atasenza katoni yodzaza mapepala, n’kuitula patebulo. A Tiyesenso atawerenga la pamwamba, anapeza kuti ndi mawu awo aja.

“Bambo,” anatero mayiwo ndi mawu osasa, “ine ndinavomera Lolemba lomwe lija. Ndinawerama n’kuiuza pulintayo kuti eya. Inafunsanso. Ndinakweza mawu, inafunsabe. Ndinalemba yankho n’kuika m’thireyi ya mapepala, inalimeza n’kulemba funso pamwamba pake. Mapepala a ofesi atha. Mukufuna ndivomere bwanji?”

Chimwemwe ndi manyazi zinawagwira a Tiyesenso. Zala zawo ziwiri zinayamba kufufuza kiyibodi.

Mayiwo anawerama n’kuzula pulagi ya kompyuta, sikirini n’kuzima. Anakoka mpando, nakhala, makiyi ali pamiyendo.

“Makina ndawamva mokwanira,” anatero. “Sindichoka pano mpaka ndimve mwini wake.”