Galimoto ya Alamu Anga pa Njerwa

Alamu anga, mwamuna wa mlongo wanga, anagula galimoto yosatha kunyamula ngakhale thumba limodzi la mbatatesi. Kwathu ku Domwe imeneyo ndi nkhani yaikulu, chifukwa galimoto timaiyeza ndi matumba. Munthu akagula sitifunsa za liwiro lake, timafunsa kuti imasenza angati. Iyi inali yofiira, ya mipando iwiri yokha, yochokera ku Joni, mimba yake ili pafupi ndi dothi ngati ya bakha. Tsiku limene inafika anthu anaizungulira kufunafuna poika katundu. Atalephera kupezapo anabalalika akupukusa mitu, ena nkukapepesa mlongo wanga kuseri.

Alamuwo anali mkamwini. Anabwera kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi ali ndi mphasa ndi khasu basi, nakwatira mlongo wanga, nakhala pamudzi pathu monga mwa mwambo. Munda tinawapatsa ndife. M'zaka zonse zimenezo anamanga nyumba ya malata, nkhokwe ziwiri ndi khola la ng'ombe, anabzala mapichesi kuzungulira bwalo, zonsezo pa dothi lathu. Aliyense amadziwa, ngakhale sitinena pamaso, kuti mkamwini akamachoka sazula nyumba. Galimoto ija chinali chinthu chokhacho chimene akanatha kuchoka nacho tsiku litafika. Iwo ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Ine, mphunzitsi wa ku Fonte Boa, wophunzira kwa ansembe, wonyamula mabuku m'khwapa, ndinkangoona mdala wakula ndi chibwana.

M'chilimwe ankasangalala nayo. Lamulungu lililonse ikatha Misa ankapita ku Ulongwe, osati kukagula kanthu ayi, kukangozungulira msika kawiri kuti oyendetsa machapa, maminibasi athu aja, awaone. Wokwera ankayamba wagogoda nsapato zake, ndipo wodya chimanga chootcha ankauzidwa kuti amalize kaye. Mlongo wanga anali mayi wathupi ndithu. Polowa ankachita kugwera m'katimo, potuluka ankachita kukokedwa ndi manja awiri, uku akudandaula kuti pa ngolo munthu amatsika ndi ulemu wake.

Dzinja ndilo linkawavula. Kuchokera pamudzi pathu kukafika pamsewu wabwino pali katondo woterera, ndipo malole a mbatatesi amasiya mikwasa yakuya mpaka m'mawondo. Galimoto yabwinobwino imadutsa ikulira. Ya alamu inkakhalira mimba pakati pa mikwasa, matayala akuzungulira m'mwamba. Kenako pankabwera ng'ombe ziwiri ndi chingwe, alamu ali pambali atavula nsapato, akupempha ng'ombezo kuti zikoke mwaulemu. Anthu ankasiya kupalira nkubwera kudzaonerera. Chaka china anatitimira katatu mlungu umodzi, mpaka ng'ombe zinazolowera, zikangomva kulira kwake zinkadzuka zokha.

Mwezi wa Novembro uliwonse mitambo ikayamba kuda ndinkawayamba.

"Alamu, ikwezeni pa njerwa iyi mpaka mvula ithe. Chotsani matayala, bateriya muike m'nyumba. Matope akudya chitsulo pansipo."

"Galimoto ndi miyendo, alamu," ankayankha motero. "Munthu sadula miyendo chifukwa choti kunja kuli matope."

"Miyendo yake iti? Miyendo yanu ndi ng'ombe zija."

Ankaseka, chifukwa pachilamu timanyozana, koma sankasuntha. Zaka zitatu tinakangana choncho. Ndinkawanyoza pamowa, pamaliro, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Ndinene zoona, nsanje inalipo. Ine ndinkapita kukaphunzitsa ku eskola pa njinga yakapalasa, thalauza nditalipinda ndi zopanira zovala, pomwe munthu wosadziwa kulemba kalata ankakhala pa mpando wachikopa.

Chaka chachinayi ndinabweretsa mekaniko wa ku Ulongwe kuti andithandize kulalikira. Iye anagona pansi, nasuzumira, nadzuka nkunena kuti dzinja lina limodzi lotere galimotoyo idzangotsala utoto. Mlongo wanga, amene anatopa kale ndi kusekedwa kuchitsime, ndiye anawafunsa alamu mosapsatira mawu.

"Bambo a ana, mukuopa chiyani kwenikweni? Mukufuna ikhale chiimire ndi matayala ngati muli pa ulendo. Akuthamangitsani ndani pano?"

"Palibe," anatero alamu, maso ali pa galimoto. "Koma mlendo ndi mame."

Apa ndi pamene ndinadzitupitsa. Ine ndine mwini mbumba pamudzi pathu, malume wa ana awo, ndipo ndimakonda kuti anthu azikumbukira zimenezo. Ndinadziguguda pachifuwa nkunena kuti, "Alamu, inu si mlendo. Ine ndili moyo palibe adzakhudze chanu pano."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita kukatenga njerwa zotsala pomanga nyumba yawo. Tinaikweza ndi chokwezera cha mekaniko uja, milu inayi ya njerwa, matayala nkukalowa pansi pa bedi. Anaimangira kachisakasa ka malata kuti isanyowe. Ine ndinabwerera ku Fonte Boa ndikuimba likhweru, poti ndapambana mlandu wa zaka zinayi.

Mlongo wanga anamwalira m'Fevereiro, atadwala masiku asanu okha. Sindikufuna kunena zambiri za zimenezo. Anali mlongo wanga mmodzi yekhayo, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa mapichesi aja mtima umandipweteka.

Titameta, patapita milungu ingapo, abale anati tikhale pansi timusudzule mwamunayo. Kusudzula ndiko kumasula wamasiye kuti abwerere kwawo akayambe moyo wina. Mawu ake ndi okoma kwambiri. Timamuthokoza, timati anatisungira bwino mwana wathu, timati pakhomo pano mpake, azibwera. Kenako timamuonetsa njira. Ndife Akatolika ndithu, timayamba ndi pemphero, koma mwambowu sitiuphonya.

Tinakhala pabwalo mvula ikuwaza. Amayi aang'ono, mng'ono wa malemu amayi athu, ndiwo ankatchula katundu. Nyumba ya ana. Nkhokwe za ana. Ng'ombe za ana. Anawo, onse akuluakulu, wina ku Tete wina ku Lilongwe, panalibe anawafunsa. Alamu ankangovomera ndi mutu, mpaka anati, "Ine ndingotenga zovala ndi galimoto yanga. Msewu ukauma ndidzabwera kudzaitsitsa."

Amayi aang'ono, amene zaka zonsezi ankaitcha galimotoyo chidole cha wamisala, anatembenuka nkuiyang'ana mwachikondi.

"Galimoto yake iti, bambo? Ine ndikuona chinthu chokhala pa njerwa, chofoleredwa ndi malata, pa dothi lathu. Chokhala pa njerwa ndi nyumba. Ikanakhala ndi miyendo bwenzi tikuti yendani nayo, ife si akuba. Koma munaikhazika nokha, palibe anakugwirani dzanja."

Abale onse anavomereza, ena mpaka kuomba m'manja chifukwa cha nzeruzo. Anthu omwe aja ankaseka kuti sinyamula mbatatesi, tsiku limenelo anaona kuti ana amasiye sangakule popanda iyo.

Alamu anatembenuka. Anayang'ana ine. Bwalo lonse linayang'ana ine, chifukwa mawu omaliza ndi a mwini mbumba, ndipo ndikanangoti "mpatseni munthu chake" nkhani ikanathera pomwepo. Ndinatsokomola, ndinakonza kolala, ndinati nkhaniyi ndi yofunika kuiona mofatsa, ndipo pakali pano galimoto ikhale kaye pomwe ilipo. Kwathu "ikhale kaye" aliyense amadziwa tanthauzo lake. Ndikanakonda kunena kuti ndinaopa amayi aang'ono, koma ndikunama. M'mutu mwanga ndinali nditafika kale pa eskola, ndikutsika m'galimoto yofiira, aphunzitsi anzanga atatuluka m'makalasi.

Alamu anachoka m'mawa mwake pa njinga ya kabaza, chikwama chili pamiyendo. Kiyi anaisiya pa tebulo. Matayala sanawatenge, ngakhale akanatha kutero kuti atikhaulitse.

Mvula itatha tinabwezera matayala. Galimoto inakana kulira, makoswe anali atadya mawaya. Tisanaitane mekaniko, mkangano unabuka wa amene aziiyendetsa. Ine ndinati ndine mwini mbumba. Mwana wa amayi aang'ono anati ndiye ali ndi chikalata choyendetsera. Wina anati tigulitse, koma wogula woyamba anafunsa kuti imasenza matumba angati, nachoka. Titakangana mwezi wathunthu tinagwirizana chinthu chimodzi chokha, kuti pasakhale woikwera. Tinaikwezanso pa njerwa, matayala nkukatsekeredwa kwa amayi aang'ono, kiyi kwa ine, kuti wina asabere mnzake. Ili pomwepo mpaka lero, chilimwe ndi dzinja.

Alamu amakhala kwawo tsopano, kutsidya kwa Ulongwe, m'kanyumba ka udzu, akulima munda wa mlongo wawo. Sanapite kukatisumira kulikonse. Chaka chilichonse m'Agosto amabwera kudzapalira manda a mkazi wawo. Akamaliza amabwera pabwalo, amakhala pansi pomwe amakhala alendo, amatipatsa moni mmodzimmodzi, ngakhale amayi aang'ono. Sanandikumbutsepo zimene ndinalonjeza, ndipo ndikanakonda akanandituka kamodzi kuti ndipume.

Chaka chathachi atamwa madzi anayang'ana kuchisakasa kuja, komwe fumbi ndi zitosi zakwirira utoto wofiira. Anavula chipewa, natembenukira kwa ine.

"Alamu, ngati sikulakwa, mungandilole ndiitsukeko?"

Ndinawalola. Ndinawabwereka ndi ndowa yomwe.